Funsani Madamu: Kodi digiri yophunzira pa foni ndi digiri yeniyeni?

Awerengi anga muli bwanji nonse, kuno tilipo. Mwezi uno bokosi langa ladzaza ndi nkhani imodzi, ya sukulu yophunzira uli kwanu ija akuitcha ODeL, ena akufunsa za fizi, ena za netiweki, ena mpaka za banja zimene. Ndasankhapo ochepa amene ndaona kuti akuyankhulira anthu ambiri. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndipo amene sindinakuyankheni musakhumudwe, mwina yankho lanu mulipeza mwa anzanuwa.

FUNSO: Madamu, ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ntchisi, ndagwira ntchito zaka 9 ndipo ndili ndi ana atatu. MSCE ndinabwereza ndili pa ntchito pomwepo ndiye pano ndili ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Ndimafuna ndiyambe digiri ya uphunzitsi kudzera ODeL poti sindingasiye ntchito nkukakhala pa kampasi zaka 4, nanga anawa adya chani. Koma anzanga mu sitafu rumu akundiseka ati imeneyo ndi digiri ya pa foni, mabwana akaiona amaiika pansi pa mulu wa mapepala. Zoona zimenezi? Ndisakataye ndalama zanga pachabe.
Mphunzitsi, Ntchisi

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, choyamba ndikuyamikeni pobwereza MSCE muli pa ntchito ndi ana atatu, si zamasewera zimenezo. Anzanu a mu sitafu rumuwo muwafunse kuti ma CDSS adzaza dziko lonsewa anachokera kuti. Ambiri anali ma DEC, masenta ophunzirira patali, kumene ana osasankhidwa ankasonkhana nkumawerenga maseti ochokera ku MCDE, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kwawo, ndipo MCDE yomweyo inayamba kale mu 1965 ikutchedwa Malawi Correspondence College, maphunziro akuyenda pa positi ndi pa wailesi. Boma linadzawasandutsa ma CDSS cha mu 1998. Ndiye kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi sikunabwere ndi foni ayi, foni yangolowa m'malo mwa envelopu ndi sitampa. Ine amene dipuloma yanga ndinaitenga choncho kudzera ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, holide anzathu akupuma ife tili m'kalasi, teremu ikatsegulira tabwerera kukagwira choko, usiku tikuwerenga ma module ndi nyali ya parafini, ndipo pepala limenelo ndi lomwe linandichotsa ku pulayimale nkundiika ku sekondale, palibe anandifunsapo kuti munkagona hositelo iti.

Mayunivesite aboma sanayambe ODeL chifukwa chosowa chochita. Vuto ndi malo. Chaka chilichonse ana okhoza bwino MSCE amakhala ambirimbiri kuposa mipando ndi mabedi amene alipo ku Zomba, ku Chichiri, ku Bunda, ku Ndata ndi ku Mzuzu, ndiye otsalawo apite kuti? Mzuni inayamba kulandira ophunzira a mtunduwu mu 2011, ambiri anali aphunzitsi ngati inu nomwe, ndipo ili ndi masenta ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje kuti munthu asamachite kukwera basi tsiku lonse pa chilichonse. LUANAR nayo inayamba yake mu 2016. University of Malawi itagawidwa mu 2021 nkubadwa MUBAS ndi KUHeS, njira imeneyi yangopitirira kukula. Digiri amapereka ndi yunivesite yomweyo, seneti yomweyo ndi imene imavomereza zotsatira, pa giraduweshoni gauni ndi imodzimodzi.

Chofunika kuonetsetsa ndi ichi, sukuluyo ikhale yolembetsedwa ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, komanso kosi imene mukufunayo ikhale yovomerezeka payokha, chifukwa zimatheka sukulu kukhala yovomerezeka koma kosi ina mkatimo isanadutse. Mndandanda wake NCHE imautulutsa poyera, musalipire ngakhale ya fomu musanauone ndi maso anu.

Koma sindikunamizani kuti ndi zophweka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Chimene chimagwetsa anthu pa ODeL si mabwana, ndi kukhala wekha. Pa kampasi mesho amakudzutsa kuti kalasi yayamba, belu kulibe koma khamu limakukoka. Kwanu ku Ntchisi palibe akudzutseni, kukhala maliro, kukhala ma sikimu oti mulembe, mwana adwala malungo, munda ukudikira, ndiye mumangozindikira semesita yatha module ili chitsekere. Anzathu amene tinayamba nawo nkusiyira panjira sanali ofooka m'mutu, ena anali anzeru kutiposa, kungoti analibe wowafunsa kuti wafika peji chani. Ndiye musanayambe nkomwe pezani anthu awiri kapena atatu a mu zoni yanu kapena yoyandikana amene akuchita kosi yomweyo, muzikumana Loweruka pa TDC, mvula kaya dzuwa. Mutu umodzi susenza denga aphunzitsi. A hedi ndi a PEA muwauze poyera kuti mwayamba sukulu, chifukwa mudzafuna chilolezo cha masabata a orienteshoni ndi mayeso, komanso nthawi ya teaching practice mudzafuna sekondale yoti mukaphunzitseko. Pa bajeti musawerengere fizi yokha, ikanipo thiransipoti, malo ogona nthawi yokakumana ndi malekichala, kupirinta ndi bandulo. Ndipo dziwani kuti pepala likabwera giredi sisintha yokha m'mawa mwake, pamafunika malo atuluke mukachite intavyu ku Teaching Service Commission, koma tsiku limenelo likadzafika amene akukusekaniwo sadzakhala ndi chonyamula mu envelopu. Yambani.

FUNSO: Madamu ndithandizeni mtima ukundiwawa. Ndili chaka chachiwiri pa ODeL, ndimakhala kumudzi ku Nsanje, netiweki kwathu imagwira bwino pa chulu china kuseri kwa tchalitchi basi. Asayimenti ina ndinalemba bwinobwino pa manja sabata yathunthu, ndinajambula mapeji 11 ndi foni, tsiku lomaliza magetsi kunalibe kuyambira m'mawa foni ndinakatchajitsa pa sola ya munthu, usiku ndili pa chulu paja ndikutumiza pa Moodle, tsamba la pa intaneti limene timaperekerapo ntchito za sukulu, inangozungulira zungulira mpaka 11:59 inakwana nkutseka. Lekichala nditamulembera anangoyankha kuti sisitimu yatseka palibe chomwe angachite. Ndapeza 0. Ndisiye kodi? Zikuoneka kuti sukulu imeneyi ndi ya anthu a m'tauni.
Wophunzira wokhumudwa, Nsanje

YANKHO: Mwana wanga usasiye, ndakupempha. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo yandikwiyitsa, osati iwe koma yankho unapatsidwalo. Mawu oti sisitimu yatseka palibe chomwe ndingachite si oona. Pa Moodle tsiku lomaliza amaika ndi lekichala, ndipo pali malo awiri, tsiku loti ntchito ifike ndi tsiku lotsekeratu chitseko, komanso pali batani loti amuwonjezere nthawi wophunzira mmodzi yekha osakhudza ena onse. Chinanso Moodle imasunga mbiri ya chilichonse wachita, nthawi imene unalowa ndi peji imene unatsegula, ndiye ngati unalidi pa tsamba la asayimentiyo usiku umenewo a ICT akhoza kuziona. Lemba kalata yaulemu kwa wogwirizira kosi yanu ku ofesi ya ODeL, kope ipite kwa mkulu wa dipatimenti, fotokoza monga wandifotokozera ine, pempha kuti aone mbiriyo, ndipo phatikizapo ntchito yakoyo. Osakalipa, osatukwana pa gulupu. Kalata.

Tsopano za mtsogolo, poti chulu chija sichisuntha mawa. Chimene chinakupweteka kwambiri ndi kukula kwa fayilo. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimatha kukhala mamegabaiti 3 kapena 4, ndiye mapeji 11 ndi katundu wolemera pa netiweki yofooka. Ika apu yosikanira mapepala, uzisikana zakuda ndi zoyera, mapeji onse alowe mu PDF imodzi, uona ikuchepa kwambiri ndipo imawerengeka bwino kuposa chithunzi. Ika apu ya Moodle pa foni m'malo molowera pa burawuza, chifukwa apuyo imalola kudawunilodiratu manotsi a kosi yonse tsiku limene wapita pa boma kapena pamene netiweki ili bwino, kenako nkumawerenga kunyumba data ili chozima. Ndipo tsiku lomaliza lako likhale masiku awiri lisanafike la lekichala, udzilembere choncho pa khoma. Ukaona kuti ikuzungulira osadikira kuti itseke, jambula sikirinishoti yoonetsa nthawi, tumiza fayiloyo pa imelo ya lekichala nthawi isanakwane, imelo imadikira yokha nkudzapita netiweki ikabwera ndipo umboni umakhala nawo. Makalasi a pa Zoom zimitsa vidiyo uzingomvera mawu, ola limodzi la vidiyo limadya mamegabaiti mazana angapo pomwe mawu okha ndi pang'ono. Kapawa banki ndi kasola kakang'ono uziwerengere ngati mbali ya fizi.

Koma ndisangokupatsa iwe ntchito ngati wolakwa ndiwe. Akuluakulu a mayunivesite amene mumawerenga tsamba lino, ndikulankhula ndi inu. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 tonse tinathamangira ku Moodle, Google Classroom, Zoom ndi WhatsApp mwadzidzidzi, ndipo panthawiyo zinali zomveka kuti zinthu ziziyenda mwachisawawa. Pano papita zaka, tinaona kale namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 atadula misewu ndi mawaya chigawo chakumwera, ndiye palibe angayerekeze kuti sadziwa mmene mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amakhalira. Pa kampasi muli ndi intaneti ya mayunivesite ija ya MAREN ndi eduroam, jenereta ikulira, mwana uyu akugula yekha data imene boma linaiikira msonkho wa 10 peresenti mu 2015 pamwamba pa VAT. Ngati ODeL inabwera kuti ifikire amene kampasi inawasiya, ndiye kosi izikonzedwa poganizira foni yotchipa ndi netiweki ya kabaa kamodzi, osati laputopu ya lekichala. Manotsi akhale PDF yopepuka, phunziro lijambulidwe mawu okha loti munthu amvere akupalira, kalasi ya layivu isakhale yokakamiza, chitseko cha asayimenti chikhale ndi tsiku limodzi kapena awiri a chisomo, ndipo masenta azitsegula Loweruka ndi Lamulungu pamene anthu apantchito ali ndi mpata. Zonsezi sizifuna ndalama za World Bank, zimafuna mtima. Mwana wanga, ukalandira yankho la kalata ija undiuze, ndikudikira.

FUNSO: Madamu ine ndimagwira mu shopu ku Area 25 ndipo ndikuchita digiri ya bizinesi pa ODeL. Pa gulupu yathu ya WhatsApp pali mkulu wina amalemba ma asayimenti ukamutumizira ndalama pa foni, ena akungoika funso pa ChatGPT nkukopa zonse. Iwowo akupeza ma 70 ine ndikakhetsa thukuta usiku wonse ndikupeza 52. Nthawi ndilibe Madamu, ndimaweruka 7 koloko. Kodi wopusa si ine? Aliyense akupanga.
Mnyamata wotopa, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, si inu wopusa, ndipo si aliyense akupanga, amene sakupanga sakulengeza pa gulupu basi. Ndikumvetsa kutopa kwanu, kuima pa kauntala tsiku lonse nkudzatsegula buku la akawunti 9 koloko usiku ndi nkhondo. Koma ndikuuzeni mmene zinthuzi zimathera.

Ma asayimenti ndi gawo chabe la malikisi, m'makosi ambiri gawo lalikulu lili pa mayeso omaliza, ndipo mayeso amenewo kwathu kuno ambiri amalembedwabe pamaso, pa senta kapena pa kampasi, ID ili pa desiki foni ili kunja invijileta akuyendayenda. Tsiku limenelo mkulu wa pa gulupu uja sadzakhalapo. Munthu amalowa ndi 70 ya asayimenti nkutulukamo ndi sapu, mayeso olembanso ukalephera aja, kenako kubwereza kosi, kenako kuwidedwa, ndalama za fizi ndi za mkulu uja zonse zapita. 52 yanuyo ndi yanu, mukaipeza m'mutu mwanu tsiku la mayeso.

Chachiwiri, wolemba ma asayimenti salembera inu nokha. Ntchito imodzi amagulitsa kwa anthu 8 kapena 10 nkungosintha mawu oyamba. Mayunivesite ambiri amadutsitsa ntchito mu Turnitin, pulogalamu imene imafananiza zomwe mwatumiza ndi za pa intaneti, mabuku, komanso ntchito za ophunzira ena zimene zinatumizidwa kale ngakhale zaka zapitazo, nkutulutsa peresenti ya kufanana ndi kupaka mtundu mizere yokopedwayo. Ndiye mumakagwidwa gulu lonse limodzi. Ndipo ganizirani izi, munthu ameneyo ali ndi dzina lanu, nambala yanu ya sukulu, ndi umboni wa ndalama munamutumizira. Mudzakhala manijala pa banki tsiku lina iye akadali nazo mu foni. Mukufuna moyo wanu ukhale m'thumba mwa munthu wotero?

Za ChatGPT ndisakunamizeni kuti ndi satana, ayi, chibwerereni kumapeto kwa 2022 chathandiza anthu ambiri amene alibe lekichala pafupi. Mukhoza kuifunsa kuti ikufotokozereni depreciation m'mawu osavuta ndi chitsanzo cha njinga ya kabaza, ikupatseni mafunso oyeserera, kapena ikuonetseni pamene Chingerezi chanu chakhota. Kumeneko ndi kuphunzira. Koma kukopa yankho lake nkulembapo dzina lanu ndi likasa basi, likasa lovala suti. Chinanso imapeka mabuku ndi alembi amene kulibe nkuwalemba mooneka bwino ndi chaka chomwe, lekichala wodziwa ntchito yake akangofufuza limodzi nkulisowa mwatha. Onani malamulo a yunivesite yanu pa nkhaniyi ndipo ngati mwaigwiritsa ntchito penapake nenani. Komanso sungani madirafuti anu ndi mapepala munkalembapo, chifukwa mapulogalamu onena kuti ichi chalembedwa ndi makina amalakwitsa nthawi zina nkuloza munthu wosalakwa, ndiye mukhale ndi choonetsa.

Musaganize kuti mayeso akadzasamukira pa intaneti ndiye kubera kwaphweka. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa inasamutsa mayeso ake kupita pa intaneti mu 2020, ndipo inabweretsa apu ya pa foni yotchedwa The Invigilator imene imakuuza ujambule nkhope yako pakati pa mayeso, imamvera mawu a m'chipinda ndi kuona pamene uli, ndipo ophunzira ochuluka anaitanidwa kukayankha milandu ya kubera. Pa Moodle pomwepa lekichala amatha kusanganiza mafunso kuti aliyense alandire ake ndi kuika nthawi yothina.

Kwa malekichala ndinene pang'ono. Funso loti fotokozani mfundo zinayi za marketing makina ayankha mu sekondi zisanu. Koma mukati pita pa msika wa kwanu ucheze ndi ogulitsa tomato atatu, lemba mitengo yawo ya sabata ziwiri ndi chifukwa chake ikusintha, kenako nkumuimbira wophunzirayo mphindi zisanu kuti afotokoze ndi pakamwa, wogula asayimenti amaonekera pompo. Ndi ntchito yambiri ndikudziwa, makalasi ndi aakulu, koma dzina la digiri ya ODeL lili m'manja mwanu. Ndipo bwezani ntchito ili ndi ndemanga, mnyamata uyu akuona 52 yokha osadziwa kuti 48 inatayika pati. Achimwene, mulembereni lekichala mumufunse zimenezo, kuti ndikonze pati. Ambiri amasangalala ndi funso limenelo kuposa mmene mukuganizira. Shopu ikakhala zii masana buku likhale pansi pa kauntala, mphindi 20 apa 20 apo, tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.

FUNSO: Mchimwene wanga ali ku Joni amagwira ntchito ya mu galaja, waona pa Facebook yunivesite ina ya kunja ikuti digiri miyezi 8 yokha zonse pa intaneti, mayeso palibe, amangoona zaka zimene wagwira ntchito, kulipira ndi madola. Akuti ndimuthandize kufufuza. Ndimuuze chani Madamu?
Mlongo wake, Mangochi

YANKHO: Chemwali, muuzeni asatumize ngakhale randi imodzi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Digiri yoyamba kawirikawiri ndi zaka 3 kapena 4, ndipo pa ODeL nthawi zambiri imatalikirapo poti munthu akugwira ntchito. Sukulu yopanda mayeso, yokukakamiza ulipire lero kuti usaphonye kutsitsa mtengo, yoyankha pa WhatsApp pokha, imeneyo ikugulitsa pepala. Akadzabwera nalo kumudzi kuno olemba ntchito adzafuna kuti NCHE iliunike, ndipo pamenepo ndi pomwe misozi imayambira.

Sukulu zenizeni zophunzitsa patali zilipo ndipo si zachilendo. Open University ya ku Britain inayamba mu 1969, Tanzania ili ndi yake kuyambira 1992, Zimbabwe Open University 1999, ndipo komwe aliko kuli UNISA ku Pretoria imene yaphunzitsa anthu patali kuyambira 1946. Akafuna UNISA akonzekere kuti mapepala a kunja kwa South Africa amayamba aunikidwa kaye, bungwe la boma la kumeneko lotchedwa SAQA ndi limene limaunika, ndipo wofuna digiri amafunikanso satifiketi ya exemption yochokera ku Matriculation Board, ndiye ayambe msanga ndipo afunse ku yunivesiteko mwachindunji ngati MSCE yake ikumulowetsa pa digiri kapena ayambire pa higher certificate. Asadutse mwa ma ejenti a pa kona.

Za madola aganize kawiri ngati mbali ina ya fizi izichokera kuno. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu amene ankalipira sukulu za kunja ndi malipiro a makwacha anangodzuka fizi itakwera iwo osasuntha, ena anasiyira pakati. Akafuna ya kuno kwathu aonenso kuti makosi ambiri amafuna ubwere pamaso nthawi ya orienteshoni ndi mayeso, ndiye awerengere basi ya pa Mwanza kangapo pa chaka komanso ngati mapepala ake okhalira kumeneko amulola kutuluka ndi kulowa.

FUNSO: Kodi unamwino ndingaphunzire pa intaneti zonse osapita ku chipatala? Ndili ndi mwana wamng'ono.
Mayi wachitsikana, Kasungu

YANKHO: Ayi mwana wanga. Zina za m'buku zimatheka pa intaneti, makamaka kwa amene ndi anamwino kale akufuna kukweza pepala, koma kubaya jakisoni, kuika diripu ndi kuchiritsa mayi woyembekezera umaphunzira uli mu wodi wina akukuyang'anira, ndipo Nurses and Midwives Council of Malawi singakulembetse popanda maola amenewo. Wokuuza kuti zonse pa foni akukubera. Kambiranani ndi amayi anu kapena apongozi za wolera mwana musanafunsire malo.

FUNSO: Madamu ine ndine bambo wa zaka 41. Akazi anga anayamba ODeL chaka chatha ine ndinavomera ndipo fizi ndikuthandiza. Koma pano foni sichoka m'manja mpaka 11 usiku, ma gulupu muli amuna, wina amaimba ati tikambirane asayimenti, kenako akuti akuyenera kupita masabata awiri kukakhala ku yunivesite. Abale anga akundiuza kuti ndagona, mkazi akaphunzira amakusiya. Sindikufuna kuwaletsa koma mtima wanga sukukhazikika.
Bambo wa nkhawa, Balaka

YANKHO: Bambo, zikomo kuti mwalemba m'malo mothyola foni, chifukwa makalata ena amene ndimalandira amachokera kwa amayi amene foni inathyoledwa kale ndipo ma module anaponyedwa pamoto. Inu mwavomera, mukulipira, ndipo mwanena chilungamo cha mumtima mwanu. Ndakulemekezani.

Ndikufotokozereni mmene sukulu imeneyi imayendera kuti muone ngati zikugwirizana ndi zomwe mukuona kunyumba. Foni ija ndiye kalasi yawo, ndiye laibulale, ndiye bolodi ya zidziwitso. Anzawo ambiri ndi apantchito ndiye amapezeka usiku, mabandulo otchipa ambiri ndi ausiku, netiweki nayo imapepuka anthu akagona. Ntchito za pa gulu amagawa ndi lekichala osayang'ana kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Masabata okakhala ku yunivesite ndi enieni, amakhala pa kalendala ya sukulu ndipo amapita kalasi yonse, ndi nthawi yokhayo imene amaonana ndi owaphunzitsa maso ndi maso, kulowa mu labu ngati kosi ikufuna, ndi kulandira zowerenga. Wophonya masabata amenewo semesita yonse amayenda mumdima.

Komanso ndikufunseni, mayi akunyumbawo masana amapeza nthawi yowerenga? Ngati akuweruka nkuyamba kuphika, kusambitsa ana, kutsuka mbale, ndiye 11 koloko ndi nthawi yokhayo imene yatsala. Yesani sabata imodzi yokha kutenga ana kuyambira 6 mpaka 8 madzulo, homuweki muwathandize ndinu, muone ngati foniyo sizima msanga.

Nkhawa yanu muwauze iwowo osati abale, ndipo muwauze monga mwandiuzira ine, kuti sindikufuna kukuletsa koma mtima sukukhazikika. Pemphani akuonetseni kalendala ya semesita muimate pa khoma, mudziwe tsiku la asayimenti iliyonse ndi la mayeso. Gwirizanani nthawi imene mafoni oimba amathera, zokambirana za sukulu zizichitikira pa gulupu kapena pa balaza osati kuseri kwa nyumba, ndipo amayi mukuwerenga inu, mwamuna amene akukulipirirani fizi musamamubisire sikirini ngati kuli kanthu, muuzeni anzanu a m'kalasi ndi ndani, akaimba munene kuti bambo akupereka moni. Ine nthawi imene ndinkapita ku Domasi bambo akunyumba ankandiperekeza pa depoti atanyamula chikwama cha mabuku pa njinga, ana ankatsala ndi iwo ndi apongozi anga, ndipo anzanga onse a m'gulu lathu ankawadziwa dzina. Abale anayankhula nthawi imeneyonso, mawu omwewa mukumva inuwa. Ulendo ukubwerawu aperekezeni mpaka pa geti, muone pogona pawo, mupatsane moni ndi anzawo, kenako mubwerere mukasamale ana.

Makalata ena okhudza ngongole za sukulu ndi fizi ndawasunga, tidzawatenga mwezi wamawa.